Mawu achilendo m'buku si owalumpha

Mu 1948, Malcolm X anamusamutsira kundende ya Norfolk ku Massachusetts, m'dziko la America. Akatenga buku, mawu ambiri ankamuvuta, moti ankangowalumpha n'kufika kumapeto osamva nkhani. Anapempha mtanthauziramawu, mapepala ndi mapensulo, nayamba kukopera pamanja tsamba ndi tsamba, kenaka n'kumawerenga mokweza zomwe walembazo. Munthu amene analekezera sukulu mu giredi 8 anadzasanduka katakwe wolankhula pagulu.

Khama lotere si aliyense angalithe, komanso si lofunika kwa onse. Paul Nation, katswiri wa zilankhulo wa ku New Zealand, akuti munthu amawerenga momasuka akamadziwa mawu 98 mwa 100 alionse a m'bukumo. Choncho buku labwino kuphunzirirapo ndi lomwe mawu achilendo ali apo ndi apo, osati lodzaza nawo.

Wowerenga wochenjera saima paliponse. Amadula mzere kunsi kwa liwu lachilendo ndi pensulo, n'kuganizira tanthauzo lake poona mawu oyandikana nalo. Likatulukanso patsogolo, m'pamene amatsegula mtanthauziramawu, n'kulemba m'kope chiganizo chonse chomwe walipezamo, chifukwa liwu lolembedwa palokha limaiwalika msanga. Akatero amayesa kulitchula pocheza kapena polemba kalata.

Izi si za Chingerezi chokha ayi. Wachinyamata wokulira m'tauni akatsegula Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la 1933, amakumana ndi mawu akumudzi omwe sanawamvepo. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womwe anakonza a Centre for Language Studies ku Zomba, umathandiza, ngakhale agogo amaposa pofotokoza chifukwa amaperekanso chitsanzo.