Kuvutika Kumeza ndi Kumva Ululu Pomeza

Lero tikambirana za mau aŵiri amene madokotala amalemba m'kabuku ka wodwala yemwe wadandaula za pakhosi: dysphagia ndi odynophagia. Onseŵa ngochokera ku Chigiriki, ndipo mathero ao, phagia, amanena za kudya. Si maina a matenda ai, koma zizindikiro zimene zimalozera dokotala kumene kuli vuto.

Odynophagia ndiko kumva ululu pomeza. Chakudya chimatsika ndithu, koma chimatsika moŵaŵa. Kaŵirikaŵiri chifukwa chake ndi zilonda m'mmero, njira ija yotsitsira chakudya m'mimba. Mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga ena amene ali ndi HIV, zilondazi zimabwera pamodzi ndi zoyerayera za m'kamwa, ndipo mankhwala a fluconazole amathandiza. Mapiritsi ena, monga doxycycline, amayambitsanso zilonda munthu akaŵameza ndi madzi ochepa, nkugona pompo.

Dysphagia ndiko kuvutika kumeza. Pano ululu ungakhale palibe, koma mbamu imakakamira panjira. Munthu akamatsamwa ndi kutsokomola pongoyamba kumeza, ngakhale madzi, vuto limakhala m'mitsempha, monga zimachitikira amene afa ziŵalo ndi sitiroko. Koma ngati poyamba ikukana nyama, kenaka nsima, patapita milungu phala, potsiriza madzi, ndiye kuti njirayo ikunka niphinjika. Chimodzi cha zoiphinja ndi khansa ya m'mmero, ndipo Malaŵi ali m'gulu la maiko amene khansayi njofala koposa pa dziko lonse. Fodya, moŵa ndi zakumwa zotentha kwambiri zimaonjezera chiopsezo chake.

Ngozi yagona apa: ululu umathamangitsira munthu kuchipatala, pamene kukakamira kosapweteka amakuzoloŵera. Amangofeŵetsa nsima, nkumaonda mwakachetechete, miyezi nkumapita.

Tsono mukafika kwa dokotala musangoti, “Pakhosi pakundivuta.” Nenani ngati mukumva kuŵaŵa kapena chakudya chikuima, chakudya chanji, pamalo pati, ndipo kuyambira liti. M'zipatala zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, amaunika m'mmero ndi kachubu ka kamera. Ngati kwanuko kuli wina amene wasiya nsima nayamba kupempha phala, musadikire kuti madzi akanenso. Mperekezeni sabata ino. Tsalani bwino.