Chiswe cha m'nyanja: mmene tizilombo timafumbulira matabwa pansi pa madzi

Asodzi ndi amisiri okhoma ngalawa m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean, kuyambira ku Beira ndi Pemba mpaka ku Zanzibar, ali ndi mdani amene saoneka ndi maso. Thabwa limaoneka lolimba kunja, koma mkati muli mphako zokhazokha, ngati mzati wa nyumba umene chiswe chadya. Mdani ameneyu ndi kachilombo kamene akatswiri a sayansi amakatcha Teredo, ndipo mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Teredo navalis.

Poyang'ana thupi lake lalitali ndi loyera, munthu angati ndi nyongolotsi, koma kali m'gulu la nkhono zam'madzi zokhala ndi zigoba ziwiri. Zigoba zake n'zazing'ono, zili kumutu kokha, ndipo zili ndi timano tambirimbiri ngati tupa. Zimenezi ndizo zida zopalira thabwa.

Kakadali kakang'ono zedi, kachilomboka kamayandama m'madzi kufunafuna mtengo. Kakaupeza kamaboola kabowo konga ka singano n'kulowa, ndipo sikatulukanso moyo wake wonse. Pamene kakukula, mphako imatalika motsatira mitsempha ya mtengo, ndipo kamamata makoma ake ndi laimu wochokera m'thupi mwake. Pakhomo pamatsala timipope tiwiri: kena kokokera madzi, kena kotulutsira. Kachilombo kamodzi kamatha kutalika masentimita 20 mpaka 30, pamene bowo lolowera limakhalabe laling'ono. Ichi ndicho chifukwa chake mwini ngalawa amazindikira madzi atafika kale m'khosi.

Kugaya mtengo si ntchito yapafupi. Mtengo umapangidwa ndi ulusi wotchedwa cellulose, womatidwa ndi chinthu china cholimba chotchedwa lignin, komanso uli ndi nayitrogeni wochepa, amene thupi limafuna kuti likule. M'chaka cha 1983, John Waterbury, Bradford Calloway ndi Ruth Turner a ku America anaonetsa kuti m'ziwalo zopumira za kachilomboka mumakhala mabakiteriya amene amaphwanya cellulose ndiponso kutenga nayitrogeni wosungunuka m'madzi. Chodabwitsa n'chakuti mabakiteriyawa sakhala m'matumbo. Timadzi togayira chakudya timene amapanga timachita kuyenda kuchokera m'ziwalo zopumira kupita m'kathumba kamene kamasunga utuchi, ndipo kumeneko cellulose amasanduka shuga.

Mdani wachiwiri ndi Limnoria, kachibale ka nkhanu kotalika mamilimita ochepa chabe. Iko kamadya kunja kwa thabwa, n'kumakumba tinjira tosazama timene mafunde amagumula. Mzati wa padoko umatha pang'onopang'ono chapakati, pamene madzi amakwera ndi kutsika, mpaka kuthyoka. Limnoria kamapanga kokha timadzi togayira mtengo, popanda thandizo la mabakiteriya m'matumbo.

Mbiri ikuchitira umboni za mphamvu ya tizilomboti. Mu 1503, Christopher Columbus anakakamizika kukocheza ku Jamaica zombo zake zitabooka paliponse, ndipo anakhala kumeneko chaka chathunthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1730, mizati yamatabwa yotchinga madzi ku Netherlands inadyedwa, dzikolo n'kuyamba kumanga ndi miyala pamtengo wokwera. Mu 1761 asilikali apamadzi a ku Britain anakuta sitima yotchedwa Alarm ndi mkuwa poyesa kuthana ndi vutoli. Nawo amisiri a kugombe la kum'mawa kwa Africa akhala akupaka kunsi kwa ngalawa laimu wosakaniza ndi mafuta.

Tizilomboti timafuna madzi amchere komanso mpweya wabwino. Sitima ya ku Sweden yotchedwa Vasa, imene inamira mu 1628, inavuulidwa mu 1961 ili pafupifupi yathunthu, chifukwa madzi a ku Stockholm ali ndi mchere wochepa. Sitima ya ku England ya Mary Rose, yomira mu 1545 n'kuvuulidwa mu 1982, inapulumuka mbali yokhayo imene inakwiririka m'matope. Pa chifukwa chomwechi, mabwato a pa nyanja ya Malawi, Tanganyika ndi Kariba savutika ndi Teredo navalis.

Komabe tizilomboti tili ndi ntchito yake m'chilengedwe. Mitsinje monga Zambezi ndi Limpopo imakokolera mitengo kunyanja, ndipo nkhalango za mangrove zimagwetsera nthambi m'madzi. Pakadapanda zamoyo zoboola, mitengo imeneyi ikadatenga nthawi yaitali kuti iwole. Zikaiphwanya, chakudya chimabwerera m'madzi, ndipo mphako zosiyidwa zimasanduka pobisalira tinsomba ndi tinkhanu. Ku Philippines ndi kumpoto kwa Brazil anthu amadya mitundu ina ya tizilomboti ngati ndiwo.

Kwa eni ngalawa ndi oyang'anira madoko, chitetezo chagona pa kupaka matabwa mankhwala, kukuta mizati, ndi kuvuulira ngalawa kumtunda kuti iume kwa milungu ingapo. Chofunika koposa ndi kugogoda thabwa nthawi ndi nthawi, pakuti kulira kwake kumaulula zimene maso sangaone.