Thandizo la pangozi limatha, mjigo umatsala ndi ife

Abale ndi alongo a ku Cassacatiza ndi midzi yonse ya m'malire, lero tikambirane za mitundu iwiri ya thandizo, chifukwa ambiri timaisokoneza.

Woyamba ndi thandizo la pangozi. Mukukumbukira kolera amene anavuta m'chigawo chathu cha Tete mu 2023, ndi chilala cha El Niño chimene chinaumitsa chimanga m'minda mu 2024. Pa nthawi zotere boma, kudzera ku INGD, limagwirizana ndi mabungwe monga PMA kupereka chakudya, ndipo azaumoyo amagawa sopo ndi mankhwala a Certeza. Cholinga chake ndi kupulumutsa moyo lero. Ngozi ikadutsa, galimoto zija zimapita kwina kumene kwavuta. Si nkhanza ayi, ndi mmene thandizoli limayendera. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Wachiwiri ndi chitukuko: mjigo, chimbudzi, maphunziro a APE wa m'mudzi mwanu. Bungwe limakumba mjigo kamodzi, koma kuusamala ndi kwa eni mudzi. Mphira za m'kati mwa mjigo wa Afridev zimaperepeseka ndi kupopa. Ngati palibe komiti ya madzi ndi kandalama kogulira zina, mjigo umafa, amayi amabwerera kukatunga kudambo, ndipo matenda otsegula m'mimba amayambira pomwepo.

Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa pamsewu wathu pamadutsa anthu ambiri olowera ku Chanida ndi ku Katete. Kolera safunsa pasipoti.

Tsono tichite chiyani?

Sonkhani ndalama ya mjigo mwezi ndi mwezi, ndipo komiti izikuwerengerani poyera pamaso pa amfumu.

Kumbani chimbudzi mvula isanayambe, ndipo muike madzi ndi sopo kapena phulusa pafupi.

Thirani kachitseko kamodzi ka Certeza mu chigubu cha malita 20, mudikire mphindi 30 musanamwe. Certeza akatha, wiritsani madzi.

Wina akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi, sungunulani paketi imodzi ya SRO mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimumwetsa mukupita naye kuchipatala. Musadikire kuti kuche.

Thandizo la pangozi likabwera, landirani mosachita manyazi, ndi laulere ndipo palibe woyenera kukupemphani kanthu kuti akulembeni dzina. Koma funsaninso alendowo kuti: mukapita, titsala ndi chiyani, ndipo adzasamala ndani? Mukambirane funso limeneli pa msonkhano wa m'mudzi sabata ino.