Kuyala Labala M'khola la Ng'ombe

Anzathu alimi a ku Chimbonila, tonse tikudziwa m'mene khola limakhalira mwezi wa Januwale. Mvula imagwa tsiku ndi tsiku. Ng'ombe imaima m'matope usana ndi usiku. Ziboda zimafewa, zimayamba kuwola, ng'ombe nkumatsimphina. Ikagona m'ndowe zonyowa, bere limatupa ndipo mkaka umachepa.

Ena amati, "Tiike simenti basi." Inde, simenti imachotsa matope. Koma ndi youma gwa, ndipo ikanyowa imaterera. Komanso kuno kumtunda kwa Lichinga kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julaye. Mwana wa ng'ombe wogona pa simenti yozizira sachedwa kudwala. Nchifukwa chake alimi ena amayala mphasa za labala pamwamba pa simentiyo.

Kodi labala nchiyani? Ndi utomoni wa mtengo wina umene unachokera ku Brazil. Kutsidya kwa nyanja, ku Vizara pafupi ndi Nkhata Bay m'Malawi, mitengo imeneyi amailima. Utomoni wokhawo ndi wosalimba, kukatentha umamata. Mu 1839 Charles Goodyear wa ku America anapeza kuti ukauphika pamodzi ndi salufa umalimba. Mphasa zambiri za m'khola masiku ano amazipanga ndi matayala akale ogaya.

Mphasa imodzi kawirikawiri imakhala masentimita 180 m'litali ndi 120 m'lifupi. Yochindikala ngati chala chachikulu imalemera makilogalamu 40 kapena kuposa. Musainyamule nokha. Ipindeni ngati nkhata, mugwire anthu awiri.

Tsono mverani bwino apa. Ntchito yaikulu si kuyala ayi. Ntchito yaikulu ndi kukonza pansi. Labala amatsata m'mene pansi palili. Pakakhala dzenje, mkodzo umalowa kunsi kwa mphasa nkukhala pomwepo. Inu simuuona, koma fungo mudzalimva, ntchentche nazo zidzabwera. Pakakhala mwala wotuluka, ng'ombe ikamaponda, mphasa imabooka. Ndalama za kopaletivu zapita.

Yambani nthawi ya chilimwe, mutatha kukolola chimanga ndi nyemba. Chotsani ndowe zonse ndi dothi lofewa mpaka mufike pouma. Thirani timiyala, musinje ndi mtengo wolemera. Musamasinje mwaulesi poti pamwamba pabwera simenti. Pansi pakatitimira, simenti imang'ambika.

Pansipo pakhale potsetsereka pang'ono kuloza ku ngalande. Pa mita imodzi iliyonse patsike masentimita 2. Khola la mamita 3, ndiye kuti kungalande kutsike masentimita 6. Mangani chingwe pa zikhomo ziwiri, muyeze. Maso okha amanamiza.

Sakanizani ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za timiyala. Thirani mochindikala masentimita 10, musalaze ndi thabwa lowongoka. Kwa masiku 7 muziwazapo madzi m'mawa ndi madzulo. Kenaka dikirani kuti masiku onse akwane 28. Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa mphasa zafika kale ndipo mitima ikuthamanga.

Kuti mudziwe ngati pauma, tengani kapulasitiki, mukayale pa simenti madzulo, mutsekere m'mbali monse ndi njerwa. Mawa lake kavundukuleni. Mukapeza thukuta kunsi kwake, kapena simenti itada, dikiraninso. Labala salola chinyezi kutuluka.

Pakauma, sesani bwino. Yalani mphasa m'kholamo, muzisiye tsiku limodzi kuti ziwongoke. Musazisiye padzuwa, chifukwa labala akatentha amafutukuka, ndipo mudzayeza molakwa. Yambirani pa ngodya imodzi. Mbali ya timizere iyang'ane pansi, timizereto tiloze ku ngalande. Mphasa ndi mphasa zigundane ndithu, chiboda chisapeze polowa. Koma kukhoma siyani mpata wa sentimita imodzi.

Podula, jambulani mzere ndi choko. Ikani thabwa kunsi kwa mzerewo kuti labala azitseguka yekha. Tengani mpeni wakuthwa, muziuviika m'madzi a sopo. Musalimbane kuti mudule kamodzi. Pitanipo kanayi kapena kasanu, ndipo dzanja linalo likhale kutali ndi mpeni.

Guluu sakufunika. Mphasa zolemera zimakhala zokha, ndipo nkwabwino kuti muzitha kuzitukula. Kukhomo, pamene ng'ombe zimakankha, tsekerani ndi thabwa lokhomera pansi.

Labala samwa mkodzo, choncho muziwazapo udzu wouma kapena makoko a nyemba, nkumachotsa m'mawa uliwonse. Zimenezo zipite ku dzenje la manyowa, zikathandize m'munda wa mbatatesi. Dizilo, palafini ndi oilo musazithirepo, zimafewetsa labala. Pa msonkhano wa kopaletivu sankhani anthu awiri oti kamodzi pa mwezi azitukula mphasa, kutsuka kunsi ndi madzi a sopo, ndi kudikira kuti paume asanazibwezere.