Kufinya mkaka wa khanda lobadwa masiku osakwana

Kufinyiranji?

Lipoti la Born Too Soon la 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse: ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse ankabadwa mimba isanakwane masabata 37. Khanda lobadwa masabata 32 asanakwane kawirikawiri silitha kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi. Choncho mayi amafinya mkaka, anamwino nkulimwetsa ndi kakapu kapena kachubu kodzera m'mphuno.

Manja ndi okwanira

Sambani m'manja ndi sopo, sisitani bere mofatsa. Chala chachikulu chikhale pamwamba pa mbali yakuda yozungulira nsonga, chamkombaphala chikhale pansi. Kanikizirani cha kuchifuwa, finyani, masulani, nkubwerezanso mukusuntha zala mozungulira. Nsonga musaikoke, mungadzipweteke chabe.

Yambani tsiku lomwe mwachira. Poyamba mumatuluka timadontho tachikasu, ndipo amayi ambiri amataya mtima poona kuchepa kwake. Musataye ngakhale dontho limodzi: mkaka woyambawo ndi umene umateteza matumbo anthete a khanda ku matenda. Finyani kasanu ndi katatu kapena kuposa pa maola 24, usiku womwe. Bere likamatulutsidwa pafupipafupi ndi pomwe limapanga wambiri. Kuika mwana pachifuwa, njira ya kangaru imene chipatala cha Zomba chinayamba kugwiritsa ntchito mu 1999, kumathandizanso mkaka kutsika.

Nanga pampu?

Pampu yamagetsi imafulumira, koma ndi yodula, ndipo kwa mayi wa ku Chamama kapena ku Santhe, m'boma la Kasungu, wopanda magetsi ndi katundu chabe. Yapamanja ilipo, komabe zipangizo zake zimafuna kutsukidwa bwino mukangomaliza. Pampu yosatsuka bwino ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo.

Kusunga

Finyirani m'kapu yowiritsa, vindikirani, ikani pamthunzi. Popanda filiji, mkakawo umwedwe maola 4 asanathe, makamaka kukatentha mu Okutobala.

Nyengo ya fodya

Apa ndi pamene pamavuta ku Kasungu. Kuthyola ndi kusoka fodya kukayamba, mayi wotuluka kuchipatala amayembekezeredwa kuchigafa. Fodya wamuwisi amasiya utomoni wa nikotini m'manja, nikotiniyo amalowa pakhungu mpaka kukafika mumkaka. Komanso munthu wosoka fodya tsiku lonse sangafinye maola atatu alionse, mkaka umaphwa. Abambo, apongozi ndi eni minda amumasule mayiyu ku ntchitoyi mpaka khanda litayamba kuyamwa lokha ndipo sikelo ya kuchipatala ikuonetsa kuti likukwera.