Baisikopo Imene Inataika

Omvera a ku migodi ndi a m'matauni, dziwani kuti kale zithunzi za baisikopo sizinali kulankhula. Anthu anaoneka alikuyenda ndi kugwedeza milomo, koma mau ao analembedwa pa nsaru, ndipo woimba piyano anali kutsagana ndi nkhaniyo. Cimodzi ca zithunzi zotere ndico "The Homesteader," cimene cinaonetsedwa koyamba ku Chicago m'caka ca 1919.

Mwini wace anali Oscar Micheaux, munthu wakuda wa ku America, wobadwa m'caka ca 1884. Poyamba anagwira nchito yotumikira apaulendo m'sitima za pamtunda. Atasunga ndalama, anakatenga malo olima ku South Dakota pakati pa Azungu. Zimene anakomana nazo kumeneko anazilemba m'buku m'caka ca 1917. Kampani ina inafuna kusandutsa bukulo baisikopo, koma sanamvane, popeza Micheaux anafuna kuyang'anira nchitoyo. Cotero anayambitsa kampani yace, nasonkhanitsa ndalama kwa alimi ndi eni masitolo.

Nkhani yace ndi ya mlimi wakuda, Jean Baptiste, amene akonda Agnes, koma amleka poyesa kuti ndi Mzungu. Akwatira Orlean, mwana wa mbusa, ndipo mpongozi wace ampasulira banja. Orlean, pozunguzika mutu, apha atate wace nadzipha yekha. Pambuyo pace padziwika kuti Agnes ali nao mwazi wa anthu akuda, ndipo awiriwo akwatirana. Cimeneci cimawerengedwa kuti ndico cithunzi cacitali coyamba cotsogoleredwa ndi munthu wakuda wa ku America.

Nanga cinthu cotere citaika bwanji? Lamba wa filimu wa masiku aja anapangidwa ndi mankhwala ochedwa nitrate. Ameneyu agwira moto msanga, ndipo ngakhale madzi sauzima bwino. Akakhalitsa m'citini pamalo otentha, ayamba kunanda, kenaka asanduka fumbi. Ndiponso zithunzi zolankhula zitafika m'caka ca 1927, eni makampani anaona zakalezo ngati zopanda phindu, ndipo zina anaziononga kuti acotsemo siliva. M'caka ca 2013 a Library of Congress anapeza kuti mwa zithunzi zazitali zosalankhula za ku America, pafupifupi 11,000, zisanu ndi ziwiri pa khumi ziri zonse zinataikiratu.

Micheaux anamwalira m'caka ca 1951, atapanga zithunzi zoposa 40. Cina ca izo, "Within Our Gates," ca 1920, cinayesedwanso cotaika, koma cinapezeka ku Spain, nicikonzedwa m'caka ca 1993. Kuona maso a nkhono nkudekha: akatswiri akali kutsegula zitini zakale m'maiko ambiri, ndipo kufikira cipezeke, "The Homesteader" cidziwika mwa buku lace ndi mwa zimene manyuzipepala a nthawi ija analemba.