Chikomekome cha mkuyu m'mafilimu a masiku ano

Likakhala tsiku la msika pa Limbuli m'boma la Mulanje, phokoso silichokera kwa ogulitsa kaunjika ndi akabaza okha. Kuseri kwa magolosale, m'kanyumba kamalata kotchinga ndi chinsalu pakhomo, mumamveka kuphulika kwa mabomba, kugwa kwa nyumba zosanja komanso mawu a mnyamata amene akumasulira filimu m'Chichewa.

M'katimo anthu amakhala atathithikana pamabenchi. Mwini filimu wavala zovala zachitsulo, akuuluka ngati kabawi uku akuponya moto kuchokera m'manja. Adani akugwa ngati mango, oonera akukuwa, ndipo ana amene alibe ndalama yolowera akusuzumira pazibowo za khoma.

Pakatha maola awiri onse amatuluka akuseka. Koma wina atawaimika pakhomo n'kuwafunsa chimene chidabutsa nkhondo yonse ija, ambiri angayambe akanda kaye m'mutu. Moto auona, koma nkhani yake yawapita.

Funso loti filimu yabwino ndi iti, yodzaza ndi zogometsa m'maso kapena yokhala ndi nkhani yogwira mtima, silikuvutitsa makolo a pa Limbuli, Chitakale kapena Nkando okha. Lidafika kale mpaka ku Hollywood m'dziko la America, kumene mafilimu ambiriwa amachokera.

Dziko lino lidachedwa kudziwa kanema. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda kudalibe wailesi ya kanema, ndipo Television Malawi idayamba kuulutsa m'chaka cha 1999. Kwa anthu ambiri a m'matauni ang'onoang'ono, sukulu yawo ya mafilimu idali vidiyo sho, kumene adakula akuona nkhonya za Bruce Lee ndi Jackie Chan, mfuti za Rambo ndi Commando, komanso magule a m'mafilimu a Chimwenye monga Disco Dancer ya m'chaka cha 1982. N'komweko kudachokera mawu oti mwini filimu safa.

Lero matepi adasowa. Achinyamata amakaikitsa mafilimu m'mafoni, ndipo mavidiyo sho ambiri amadalira kwambiri mpira wa ku England. Eni filimu nawo adasintha. Si anthu wamba odziwa karate ayi, koma ngwazi za mphamvu zodabwitsa monga Spider-Man, Iron Man ndi Thor, zimene zodabwitsa zake zambiri zimapangidwa pakompyuta.

Mafilimu amenewa adabweretsa ndalama zankhaninkhani. Avengers: Endgame ya kampani ya Marvel, imene idatuluka mu 2019, idapeza pafupifupi $2.8 biliyoni padziko lonse.

Koma m'chaka chomwecho mmodzi mwa akamuna opanga mafilimu ku America, Martin Scorsese, adautsa mapiri pachigwa atanena kuti kwa iye mafilimu otere si kanema weniweni. Mkuluyu adawayerekeza ndi malo amasewera kumene anthu amalipira kuti akwere makatungwe a magetsi, kukuwa pang'ono kenako n'kubwerera kwawo. Dandaulo lake lidali loti m'mafilimuwa mulibe chimene munthu angaopere kuti chitayika, chifukwa mapeto ake amadziwika filimu isadayambe.

Okonda mafilimuwa adamuyankha mokalipa, ena n'kumati ukalamba wamukulira. Koma patangotha zaka zochepa, msika udayamba kulankhula. The Marvels ya mu 2023 idadya ndalama zoposa $200 miliyoni pokonza, koma idapeza zochepa kuposa filimu ina iliyonse ya m'gulu lake imene idatuluka m'mbuyomo.

Mafilimu anyimbo nawo adalawa zowawa zomwezo. Cats ya mu 2019 idasonkhanitsa akatswiri otchuka n'kuwasandutsa amphaka pakompyuta, koma anthu adaiseka ndipo idalephera kubweza ndalama zimene zidalowa. Mu 2024 kudatuluka gawo lachiwiri la Joker, momwe adaikamo nyimbo ndi woimba wotchuka Lady Gaga. Gawo loyamba la mu 2019 lidapeza ndalama zoposa $1 biliyoni, koma lachiwirili lidangopitirira pang'ono $200 miliyoni.

Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe kunena kuti nyimbo, magule ndi zogometsa ndizo zimaononga filimu kungakhale kunamizira. Umboni wake ndi Sarafina!, filimu ya ku South Africa imene Amalawi ambiri adaionera kangapo konse osatopa nayo.

Sarafina! idayamba ngati sewero la pabwalo lolembedwa ndi Mbongeni Ngema mu 1987, ndipo idasanduka filimu mu 1992. Muli nyimbo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ana asukulu akuvina mochititsa kaso atavala yunifolomu. Koma pansi pa magulewo pali magazi a ana a ku Soweto amene pa 16 June 1976 adaukira boma la tsankho pokana kuphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans.

Leleti Khumalo adasewera ngati mtsikana Sarafina. Whoopi Goldberg adali mphunzitsi wophunzitsa ana mbiri yoona ya dziko lawo, amene apolisi adamutenga osabwereranso. Miriam Makeba adali mayi wa Sarafina, wogwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, kulera ana a eni pomwe ake akukula okha.

M'filimuyi munthu akayamba kuimba, ndiye kuti mawu wamba amuchepera. Nyimbo iliyonse ili ndi katundu amene yasenza, kaya ndi maliro, mkwiyo kapena chiyembekezo. Chaka chimene idatuluka ndi chomwenso maepiskopi a Chikatolika kuno kwathu adatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, pa 8 March 1992. N'zosadabwitsa kuti Amalawi ataiona adazindikira kuti nkhaniyo si ya ku Soweto kokha.

Kumbali ya ngwazi zouluka, chitsanzo ndi Black Panther ya mu 2018, imene idapeza ndalama zoposa $1.3 biliyoni n'kupata mphoto zitatu za Oscar. Ndege zodabwitsa ndi nkhondo zilimo zambiri, koma zimene zidagwira anthu mtima ndi zina.

Pakati pa filimuyi pali mkangano wa ufumu. T'Challa, amene adaseweredwa ndi malemu Chadwick Boseman, walowa ufumu wa bambo ake m'dziko longopeka la Wakanda. Kenako kukutulukira mwana wa bambo ake aang'ono, amene banja lidamutaya kunja ali wamng'ono pofuna kubisa mlandu. Wabwera ndi mkwiyo, ndipo pa zina zimene akunena sakunama.

Nkhani yotere sifunika womasulira m'mudzi uliwonse umene udaonapo mbumba ikugawikana polimbirana ufumu, kapena mwana wamasiye akulandidwa munda. Palinso funso la chuma cha pansi pa nthaka: Wakanda ili ndi mwala wa mtengo wapatali, ndipo eni ake akukangana ngati n'koyenera kutsekulira alendo. Anthu a ku Mulanje akulidziwa funso limeneli, popeza kwa zaka zambiri pakhala kukokanakokana pa za miyala ya bauxite ya pamwamba pa phiri, pomwenso pamachokera mitsinje imene amamwa.

M'filimuyi mudalinso magazi a kuno kwathu. Connie Chiume, amene adasewera ngati mmodzi mwa akuluakulu a bwalo la mfumu, adabadwira ku South Africa koma bambo ake adali ochokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay. Mayiyu adamwalira mu August 2024 ali ndi zaka 72. Naye John Kani, amene adali mfumu T'Chaka, ndi yemwe uja adali mphunzitsi wamkulu mu Sarafina!

Mafilimu awiriwa akusonyeza kuti zogometsa zili ngati ndiwo. Zimathandiza kuti nsima itsike, koma munthu sangagonere msuzi wokha.

Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa akuoneka kuti adazindikira kale zimenezi. Ambiri satsata mawu a Chingerezi kapena Chitchaina monga alili. Amapatsa anthu a m'filimu maina a kuno, mzinda wa New York n'kuusandutsa Limbe kapena Ndirande, kenako n'kuthiramo nthabwala za ngongole, apongozi ndi chibwenzi. Pamene filimu yangokhala nkhonya zokhazokha, iwo amaiphikira nkhani. Akadakhala kuti oonera amakhuta ndi moto wokha, ntchito imeneyi sikadakhalapo.

Vuto lake n'loti ena mwa omasulirawa amathiramo zotukwana, chonsecho mabenchi akutsogolo amakhala odzaza ndi ana. Lamulo loona za mafilimu ndi zisangalalo lilipo kuyambira mu 1968, koma m'misika yambiri palibe amene amafunsa mwana zaka zake pakhomo, ngakhale ikhale nthawi ya sukulu.

Mafilimu a ku Nigeria, amene adasefukira m'dziko muno m'zaka za m'ma 2000, adapereka phunziro lomwelo. Zithunzi zake zidali zosaoneka bwino, mawu ankamveka ngati a m'chitini, ndipo mizukwa yake inkaseketsa m'malo moopsa. Koma amayi ndi abambo ankakhala pansi mpaka gawo lachitatu, chifukwa nkhani za mitala, kusabereka, ufiti ndi chuma cha masiye zidali zochitika pakhomo pawo.

Opanga mafilimu a m'dziko muno alibe ndalama zogwetsera nyumba zosanja pakompyuta, ndipo mwina umenewu ndi mwayi wawo. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life mu 2008, nkhani ya mtsikana wantchito amene bwana wake adamupatsa pathupi, n'kudzabwera patapita zaka ataphunzira zamalamulo kudzamenyera mwana wake. Mu 2012 adatulutsa The Last Fishing Boat, ndipo The Road to Sunrise ya mu 2017 idapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2018. Joyce Mhango Chavula adali atapata kale mphoto yomweyo mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe.

Ngwazi yeniyeni ya pakanema yochokera kuno ndi William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Mnyamatayu adasiya sukulu kaamba kosowa fizi pa njala ya mu 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi njinga ya bambo ake. Chiwetel Ejiofor adajambula nkhani yake ku Kasungu komweko, ndipo The Boy Who Harnessed the Wind idatuluka mu 2019.

Amalawi adaseka Chichewa chopotoka cha ena mwa osewera ochokera kunja. Koma pamene banja la m'filimumo layamba kudya kamodzi patsiku, kuseka kumatha. Mwini filimu ameneyu sauluka ndipo njala ikhoza kumupha. Mapiko a makina ake akayamba kuzungulira, chimwemwe cha oonera chimaposa cha mabomba zana limodzi.

Chomvetsa chisoni n'choti mafilimu a Joyah ndi anzake sapezeka kawirikawiri pazikwangwani za mavidiyo sho. Ndipo akapezeka m'mafoni, nthawi zambiri amakhala okopedwa mwakuba, mwini wake osalandirapo kanthu.

Mulanje payokha siyosauka pa zogometsa kapena nkhani. Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ili ndi nthano za mizimu zimene agogo amasimba mpaka lero, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse kaamba ka chikhalidwe cha anthu olizungulira. Pali Napolo, amene adatchulidwa pamene madzi ndi miyala zidakokolola midzi ku Phalombe mu March 1991, dera limenelo likadali mbali ya boma la Mulanje. Pali namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene adasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'dziko muno. M'masiku amenewo mudali anthu wamba amene adapulumutsa anzawo ndi zingwe ndi manja okha, koma nkhani zawo zikungothera pamaliro ndi pamadambwe a bawo.

Gule wa tchopa, amene amakometsa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, ndi mphunzitsi wabwino pankhaniyi. Ovina amavala zikopa ndi nthenga, kumsana atabereka mitolo ya zipangizo zakumunda, zosakira nyama ndi ziwiya zakale. Mlendo amangoona kukongola kwake. Mwini mudzi amadziwa kuti guleyu ndi wothokoza pa zokolola ndi ulenje, komanso wopepesa mizimu pakagwa chilala kapena mliri. N'chifukwa chake UNESCO idamuzindikira mu 2014. Atachotsapo tanthauzo, pangatsale fumbi ndi thukuta basi.

Kuletsa mwana kuonera Spider-Man masiku ano kuli ngati kutseka mtsinje wa Ruo ndi lichero, poti akapanda kuonera kunyumba akaonera pafoni ya mnzake. Chimene kholo lingathe n'chimene agogo ankachita akatha kusimba nthano pamoto: kufunsa.

Mwini filimuyo amafuna chiyani? Adataya chiyani kuti achipeze? Mdani uja adalakwa pati, nanga padali pamene ankanena zoona? Mwana amene wabwera kuchokera ku vidiyo sho n'kutha kuyankha mafunso amenewa sadataye ndalama yake. Amene akungokumbukira kuti galimoto zidaphulika zingati, ameneyo wadya nkhuyu yosang'amba.